Wotola Si Mwini

Kagoro, Katete
12 Malichi 2023

Eneless mwana wanga,

Ndikupatsa moni pamodzi ndi akamwini anga aBornwell. Kuno tili bwino, kupatula makutu angawa amene anatsalira mu injini ya thiraki. Foni ija unandigulira imalira ndithu, ndimaiona ikuwala, koma ndikaiika kukhutu ndimangomva ngati mvula ikugwa pa malata. Ndiye tibwerere ku makalata monga kale. Kondakitala wa basi ya Lachisanu wavomera kumatinyamulira.

Chimanga chachita bwino chaka chino. Azakhali ako akuti uwatumizire sopo ndi mafuta odzola, ati a kuno amanunkha palafini.

Patha chaka chichokere ine ku Chawama, ndipo sindibisa, chimene ndachisowa si magetsi kapena madzi a pampopi. Ndasowa zigoba zanga zija zili mu kabati ya magalasi pabalaza. Ndikudziwa kuti iwe ndi malemu amayi ako munkaziona ngati zinyalala zolanda malo a mbale. Koma zaka makumi awiri ndi zitatu ine ndi Chalwe tikuyendetsa thiraki imodzi kupita ku Dar es Salaam, ku Beira ndi ku Nacala, anzathu akamadikira katundu padoko ankathera ku mowa ndi ku zina zimene sindingakuuze. Ife tinkapinda mathalauzi n'kumayenda m'gombe titazolika ngati nkhuku zotola mapira. Chigoba chilichonse chili ndi kapepala kake ka malo ndi chaka. Kuno anthu sakhulupirira kuti ndinaiona nyanja ya mchere. Unditumizire zonse, ndiwatseke pakamwa.

Ukamuona Chalwe, Mbemba wodya pusi uja wa ku Kanyama, umuuze kuti wodya mbewa akali moyo, ndipo pangano la pa Nacala akulisungabe.

Ndine atate ako,
Edwell Mvula

Chawama, Lusaka
2 Epulo 2023

Atate,

Kalata yanu ndinalandira ndipo ndinakondwa kumva kuti muli bwino. Ife kuno tikuyesa. Mvula inatisautsa, madzi anafika mpaka pakhonde ndipo kumsika tinakhala masiku anayi osayala salaula, zovala zanga za kaunjika zija. ABornwell akupezako maganyu a zomanga ku Kabanana. Ine ndinadwalako mwezi wa Febuluwale koma tsopano ndachira, musadandaule.

Ndatumiza sopo, mafuta a azakhali ndi shuga wanu. Jekete ili pansiyo ndinakusankhirani ndekha m'belo, muzivala m'mawa popita kumunda.

Za zigoba zija, atate, mukudziwa mmene amaponyera katundu pa basi. Zingafike zili ufa. Bwanji tidikire kaye mvula itheretu, kapena papezeke munthu wodziwika wobwera kumeneko? Anthu a ku Kagoro asiyeni akane, nyanjayo siiuma chifukwa cha iwo.

BaChalwe sindinawaone masiku ano. Kanyama yonse ndi matope.

Mwana wanu,
Eneless

Kagoro, Katete
21 Epulo 2023

Eneless,

Moni. Jekete yandikwana, zikomo, ngakhale kuti mwini wake woyamba anali ndi mikono ya nyani.

Ukufuna kuphunzitsa dalaivala za katundu? Zigobazo zinadutsa pa Tunduma ndi pa Chanida misewu isanakonzedwe, osasweka ngakhale chimodzi. Chilichonse uchilowetse mu sokosi yakale, ya salaula uli nayo yambiri. Chija cha minga timachitcha Chipeso uchikulunge m'thonje. Chija cha mawanga chosalala, Nkhanga, uchiike pakati penipeni, ndicho chikulu cha zonse ngakhale chili chaching'ono. Katoni uilembe kuti mazira. Kondakitala aliyense amaopa mazira.

Ngati zikukuvuta, kamuitane Chalwe adzakuthandize. Manja ake amazidziwa kuposa anga.

Matenda a Febuluwale aja anali a chiyani? Unangowadutsa ngati mlatho.

Atate ako

Chawama, Lusaka
12 Meyi 2023

Atate,

Moni wa ife tonse. Katoni ndi imeneyi, ndailemba mazira monga munanenera. BaChalwe anandithandiza kulongedza, anakulunga chimodzichimodzi okha, ine ndinkangowapatsira masokosi. Akalamba, atate. Akutsokomola kwambiri, koma pakamwa sipanasinthe, anandifunsa ngati mbewa za ku Katete zatsalako chibwerereni inu.

Matenda aja anali a azimayi, anatha.

Ndalemba mwachangu, basi inyamuka. Mundiuze mukalandira.

Eneless

Kagoro, Katete
26 Meyi 2023

Eneless mwana wanga,

Katoni inafika bwino, palibe chosweka. Ndinaitana azakhali ako ndi anthu a nyumba zoyandikana kuti adzaone. Nditavula sokosi yoyamba ndinawauza kuti mutu wandigwira, abwere tsiku lina. Mpaka lero sindinawaitanenso.

Izi si zigoba za mu kabati yanga. Iwe sungadziwe, chifukwa nthawi zonse ndikayamba nkhani ya pa Nacala unkakumbukira kuti pali mbale zotsuka. Lero umve.

Mu 1989 tili pagombe la Nacala, ine ndi Chalwe tinaona chigoba chimodzi nthawi imodzi, Nkhanga ija. Tonse tinachigwira. Amuna aakulu a ndevu, okwatira, tinakokana m'madzi mpaka asodzi anasiya maukonde kudzationerera. Kenaka Chalwe anangotaya dzanja nati tenga, ndine ndinayamba kuchiona koma tenga. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitenso. Tili m'thiraki tinapangana kuti wotola si mwini. Chimene ndatola ine ndi cha Chalwe, chimene watola Chalwe ndi changa. Kuyambira pamenepo munthu ukapeza chokongola unkathamanga nacho kwa mnzako mtima uli mbee. Choncho zonse za mu kabati yanga anatola ndi Chalwe, ndipo timapepala take ndi dzanja lake. Zonse za kunyumba kwake ku Kanyama ndinatola ndine.

Tsiku lomwelo iye anawonjezera mawu ena, akuseka. Anati tsiku limene mmodzi watopa ndi mnzake asavutike ndi kulankhula, angobweza zimene anamutolera.

Eneless, m'katoni muno muli zigoba zana limodzi ndi khumi ndi zinayi, ndipo kapepala kalikonse ndi dzanja langa. Wandibwezera zonse, ngakhale kachigoba kobooka kamene ndinamutolera ku Beira ali m'chipatala ndi malungo. Ndipo ukuti anakulunga yekha, akuseka za mbewa.

Ndakhala ndikufufuza mumtima chimene ndinamulakwira. Kodi n'chifukwa ndinachoka ku Lusaka osapita kukatsazika kunyumba kwake? Ndinamutumira mawu, miyendo inali itatupa, akudziwa. Kapena pali wina anamuuza zabodza? Zikundiwawa kwambiri, sindikunama. Munthu tinagawana naye bulangete limodzi pa Nakonde sabata zitatu.

Nanga zanga zili kuti? Ngati anazitenga, poti ndi zotola zake, zisiye, usakalimbane naye. Ungomuuza kuti Edwell wamva.

Atate ako

Chawama, Lusaka
30 Juni 2023

Atate,

Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Ndinayamba kulemba katatu n'kung'amba.

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali. Kuno kwazizira, majuzi akuyenda bwino kumsika.

BaChalwe ali m'chipatala sabata yachiwiri tsopano, chifuwa chija chakula. Ndinapita kukawaona Lamlungu. Bana Chola, akazi awo, ndiwo akuwadikirira. Atandiona anadzuka pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga tate wako abwela liti? Uyo muntu ni waulesi, mbeba zamulemesa." Mawu anu aja akuti mwamva sindinawauze.

Atate, sizili mmene mukuganizira. BaChalwe alibe nanu chifukwa. Pali zina zimene sindingathe kulemba papepala, ndidzakuuzani pamaso. Chonde bwerani ndi basi ya Lachisanu likudzali, za ulendo ndaika mu envelopu yomweyi. Ngati mungathe mubwere ndi katoni ija.

Mwana wanu,
Eneless

Kagoro, Katete
7 Julayi 2023

Eneless,

Moni. Ndamva za matenda a Chalwe ndipo ndikumupempherera, Mulungu ndi mboni. Koma kubwera sindibwera. Tikutonola chimanga ndipo azakhali ako sangathe okha.

Ukuti alibe nane chifukwa. Iwe ndiwe mwana wamtima wabwino, ukufuna kuphimba. Ngati alibe chifukwa, ali ndi dzanja, alembe mizere iwiri. Ine ndinyamule katoni kuchoka ku Katete kukagwada nayo pabedi la munthu amene anandibwezera yekha? Akachira tidzakambirana ngati akulu. Chalwe ndi wolimba, malungo a ku Beira anamulephera.

Za ulendo zija ndakubwezera, umugulire zipatso. Usanene kuti zachokera kwa ine.

Atate ako

Chawama, Lusaka
4 Ogasiti 2023

Atate,

Sindikudziwa poyambira moni. BaChalwe anatisiya Lachiwiri pa 25 Julayi, dzuwa likutuluka. Tinawaika Lachisanu. Ndinayesa kuimba foni ya azakhali koma sinkalowa, ndipo kunena zoona sindinayesetse, chifukwa ndinkaopa kuonana nanu maso ndi maso.

Tsopano ndikuuzani zimene ndinayenera kunena mwezi wa Epulo. Muwerenge mpaka kumapeto, kenaka munditche chimene mungafune.

Matenda a Febuluwale aja, ndinapita padera. Kanali kachitatu. Ndinasokonezeka mutu, atate, ndinkangokhala pansi kuyang'ana khoma. Amayi ena a kumsika anandibweretsera mneneri kuti adzapempherere nyumba. Atangolowa pabalaza anaima patsogolo pa kabati yanu nati nazi zimene zikudya ana anu, zinthu za m'madzi zili ndi mizimu ya m'madzi, ndipo mwini wake anazitenga kutali. ABornwell anayesa kunena kuti ndi zokongoletsa chabe za apongozi awo, ine ndinawakalipira. Ndinatsegula kabati ndekha. Tinazithira m'thumba, tinapita nazo kudzala kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaziphwanya ndi nyundo anthu akuimba. Palibe anandigwira dzanja. Chipeso chija chinandibaya chala, ndipo mneneri anati mwaona, zikubwezera.

Itafika kalata yanu yachiwiri ndinasowa kolowera. Ndinapita ku Kanyama ndili ndi maganizo opusa akuti mwina baChalwe adziwa kogula zina. Ndinawauza zonse. Sanandinyoze. Anangofunsa kuti dzalalo lili pati, ndipo tsiku lotsatira anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala akufukula zinyalala kuyambira m'mawa mpaka masana, anthu akuwaseka kuti mdala wapenga. Pochoka sanandiuze ngati anapeza kanthu.

Patapita masiku awiri anandiitana. Ndinapeza atatsitsa zigoba zawo zonse pashelefu, atayala pamphasa. Ndinakana, ndinati sindingatenge, iwo anati, "Mwana wanga, uyo mudala ali yeka kumunzi, samvela na kumvela. Ine nili na bana Chola wonisokosela. Mutumile ivi, azingogwilako." Atatha kukulunga analemba kakalata n'kukaika pamwamba m'katoni. Anandiuza kuti nanenso ndilembe zoona zonse, chifukwa inu mukangoona mudzadziwa kuti si zanu.

Ine sindinakhulupirire. Ndinkati chigoba ndi chigoba, atate akalamba, asiyanitsa bwanji? Ndili pa siteshoni ndinatsegula katoni, ndinawerenga kakalatako, ndinaona kuti katchula za ine, ndipo ndinakachotsa. Ndi kameneka ndakaika muno. Kakhala mu Baibulo langa miyezi itatu.

"Edwell, wakudya mbeba iwe. Vako vinapwanyika. Usamukalipile mwana, enze na manta, nkani ya mimba siyopepuka. Ivi sininabweze iyayi, nakubweleka chabe. Ukabwela ku Lusaka unibwelesele, ukasoweshako chimozi nizakumangisa. Chalwe."

Kalata yanu ya pangano la pa Nacala itafika ndinadziwa kukula kwa chimene ndachita. Ndikanakwera basi tsiku lomwelo. Koma ndinkati mawa, ndinkati baChalwe akachira ndidzawatenga tipite tonse, iwo akandilankhulire. Kuchipatala ankandifunsa ngati munayankha kakalata kawo, ine ndinkati makalata akuchedwa. Tsiku lomaliza limene ndinawaona anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Unaikamo ka pepa kaja?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma. Sindikudziwa ngati anakhulupirira ine n'kukhumudwa ndi inu, kapena anadziwa kuti ndikunama. Zonse ziwiri zikundidya.

Pamaliro anthu a kwathu kum'mawa analipo ochepa, ndipo anachitako za chimbuya, chibale chathu chonyozana chija, kuwaza anthu ufa ndi kunyoza Abemba monga mwa mwambo. Koma bana Chola anandikokera pambali nati amene anayenera kumutukwana bwino mwamuna wanga sanabwere. Sananene mokwiya. Kenaka anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa kanthu kokulunga mu sokosi, ati baChalwe anakasunga pansi pa pilo kuchipatala, ankafuna kukupatsani okha m'manja. Ndi Nkhanga ija. Nyundo inaiphonya. Kapepala kakale kanaonongeka, ndiye analemba kena, mudzawerenga nokha.

Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Ndinaphwanya zigoba chifukwa cha mantha, zimenezo mwina mungazimvetse. Koma kakalata ndinakachotsa mutu uli bwinobwino.

Mwana wanu,
Eneless

Kagoro, Katete
18 Ogasiti 2023

Eneless mwana wanga,

Ndalandira kalata, kakalata ka Chalwe ndi Nkhanga. Ndatha sabata ziwiri ndisanagwire cholembera. Azakhali ako akupereka moni, ndipo akulira nawe za ana aja. Nanenso ndikulira. Unasenza wekha chinthu cholemera chotere, ine ndili kalikiliki kufunsa za masokosi ndi makatoni. Zigoba sizidya ana, mwana wanga, koma munthu amene waika atatu m'manda osawaona nkhope sindingamuweruze pa zimene anakhulupirira mwezi umenewo.

Za kakalata unalakwa, ndipo ukudziwa, sindibwereza. Masiku oyamba ndinakukwiyira kwambiri. Kenaka ndinatenga kalata yako ya Juni n'kuiwerenganso. Unalemba kuti alibe nane chifukwa. Unalemba kuti ndibwere. Za ulendo unaikamo. Amene anakana ndine. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikumudziwa munthu amene anataya dzanja pa Nacala, amene sanadyepo chinthu osandigawira, ndipo katoni imodzi inandikwanira kuti ndimuyese woipa. Ndinasankha kutonola chimanga. Chimangacho chili m'nkhokwe, chikanatha kudikira.

Kapepala ka pa Nkhanga ndawerenga mpaka ndaloweza. Analemba kuti, "Nacala 1989. Chawama pa dzala 2023. Wotola Chalwe, kawiri konse. Mwini Edwell." Munthu wodwala chifuwa kukafukula zinyalala ndi ndodo, napeza chinthu chimene anachilakalaka kuyambira pa Nacala, n'kusachisunga ngakhale pamene zake zonse anali atazipereka. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma Chalwe anaika kwa munthu wosayenera.

Dzulo ndinaitana anthu aja ndinawabweza mwezi wa Meyi. Ndinayala zonse pamphasa, anazigwira, anaziika kukhutu, ati akumva nyanja. Ine sindimva kanthu, ndinangowavomera. Atandifunsa ngati zonsezi ndi zanga ndinati ayi, changa ndi chimodzi ichi, zinazi ndabwereka.

Ndawerenga kawiri, zakwana zana limodzi ndi khumi ndi zinayi, sangandimangitse. Ndibwera ndi basi ya Lachisanu pa 25. Undiperekeze ku Kanyama tikazibwezere pashelefu pake, bana Chola akadzafuna kupatsa adzukulu ndi zawo. Tikachoka kumeneko ukandionetse pamene anagona. Ndili ndi mawu oti ndikamutukwane nawo wodya pusi ameneyo, ndipo iwe ukaime patali pang'ono, chifukwa sindikudziwa ngati ndikawamalize.

Undidikire pa siteshoni. Usaitane wa wilibala, katoniyo ndidzanyamula ndekha.

Ndine atate ako,
Edwell Mvula